Sewero la Faust linatuluka chaka chiti kwenikweni?

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akuti pofufuza za Faust, sewero la mlembi wa ku Germany Johann Wolfgang von Goethe, wapeza zaka zitatu: 1790, 1808 ndi 1832. Ndiye cholondola n'chiti?

Zonse n'zolondola, mbale wanga. Wosokoneza ndi mwini wakeyo, amene analimbana ndi sewero limodzi kwa zaka pafupifupi 60.

Anayamba ali mnyamata ku Frankfurt, pakati pa 1772 ndi 1775. Nthano ya Faust, munthu wophunzira kwambiri amene anapangana ndi mdyerekezi, sanapeke yekha, inali itasindikizidwa kale mu 1587. Chake chenicheni ndi Gretchen, mtsikana amene Faust anamupatsa mimba n'kumusiya. Mu 1772, mumzinda womwewo, wantchito wina dzina lake Susanna Margaretha Brandt anadulidwa mutu chifukwa chopha khanda lake, ndipo Goethe, amene anali loya, nkhaniyi ankaidziwa bwino.

Mapepala oyambawo anasowa. Mwayi wake, mayi wina wa kunyumba yachifumu ku Weimar, Luise von Göchhausen, anali atakopera pamanja. Kope lakelo linapezeka mu 1887, ndipo ndi limene timalitcha Urfaust.

La 1790 linali chibenthu chabe. Limathera m'tchalitchi, Gretchen atakomoka, za kundende, kumene iye amatsekeredwa atapha khanda lake, mulibe. Kenako ntchito inaima, mpaka mnzake Friedrich Schiller anayamba kumuumiriza kuti amalize. Schiller anamwalira mu 1805 osaona zotsatira zake, chifukwa gawo loyamba lathunthu linasindikizidwa mu 1808 ku Tübingen.

Apa ndi pamene ine pamandigwira mtima. Mu Urfaust, mdyerekezi uja, Mephistopheles, amalengeza kuti Gretchen waweruzidwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Mu la 1808 mumamveka mawu ochokera kumwamba otsutsa, akuti wapulumutsidwa. Goethe ali mnyamata anamusiya mtsikanayo m'manja mwa chilango, koma atakula mtima sunamulole.

Gawo lachiwiri analimaliza mu 1831, n'kulimata kuti lisatuluke iye ali moyo (ngakhale zidutswa zina, monga chokhudza Helena, mkazi wa m'nthano za Agiriki, mu 1827, zinali zitatuluka kale). Anamwalira pa 22 Malichi 1832, bukulo n'kutuluka chaka chomwecho.

Ngati mukulemba za Faust ndi Gretchen, lembani 1808. Ndi gawo lomwelo limene linaseweredwa koyamba pagulu ku Braunschweig mu 1829.