Funsani Achimwene: Lichero liuluke ndi chingwe kapena ndi kompyuta?

FUNSO

Achimwene moni kumeneko. Ine ndine mnyamata wa zaka 22 ndimakhala ku Ulónguè kuno ku Angónia, ndimagulitsa mbatatesi pamsika koma mtima wanga wonse uli pa zojambula mafilimu. Tilipo anayi ndi anzanga, tikupanga kafilimu ka mphindi 15 ka agogo ena amene anthu a m'mudzi akuwanamizira ufiti, ndiye pali malo atatu atiimitsa mutu: mwana akulota agogowo akuuluka pa lichero usiku, munthu kuzimiririka anthu akuona, komanso nyumba kupsa kumapeto. Mnzanga wina akuti zonsezi nza pa kompyuta basi tigule laputopu, wina akuti za pa kompyuta zimaoneka zabodza tipange ndi manja. Ndinalowa gulu lina la ojambula mafilimu pa Facebook nkulemba kuti ndithandizeni maefekiti koma palibe anayankha, mmodzi yekha anangoika kankhope koseka. Kodi nditulukemo? Nanga ndalama ya mbatatesi ndigulire laputopu?

Mnyamata wa ku Ulónguè

YANKHO

Mphwanga, usatulukemo, ndipo ndalama ya mbatatesiyo iyambe yakhala kaye. Nkhani yakoyi yandigwira mtima chifukwa agogo ambiri avutika ndi bodza limeneli m'midzi mwathu, ndiye ndikufunitsitsa filimuyi ituluke bwino.

Anzako awiriwo akukangana nkhani imene akatswiri anaimaliza kalekale, iwo amaphatikiza. Mu filimu ya Jurassic Park ya 1993 anthu amaganiza kuti zilombo zonse zija nza pa kompyuta, pamene za pa kompyuta sizikwana ndi mphindi 10 zomwe. Chilombo chachikulu chija a Stan Winston ndi gulu lawo anachimanga chenicheni, chamakina mkati, moti pojambula malo a mvula khungu lake limamwa madzi nkuyamba kunjenjemera mpaka amachipukuta ndi matawulo. Nchifukwa chake mpaka lero chimaoopsabe, kuwala kumene kumagwa pa icho nkwenikweni, madzi ngenieni, ndipo ochita sewero akuyang'ana chinthu chimene chilipodi. Kompyuta imavutika kwambiri kunamiza maso pa zinthu zitatu izi, kuwala, mthunzi ndi kulemera kwa chinthu. Ndiye lamulo langa ndi loti chilichonse chimene ungathe kuchiika patsogolo pa kamera chiike, kompyuta ibwere pambuyo kudzafufuta chingwe ndi kukonza mtundu.

Tiyambe ndi chophweka, munthu kuzimiririka. Ichi ndi chinyengo chakale kuposa agogo ako, wopanga mafilimu Georges Méliès ankachichita ku France zaka za m'ma 1890. Foni ikhale pa chinthu chosagwedezeka, ngati mulibe tirayipodi, choimikira kamera cha miyendo itatu chija, imangirire pampando ndi mphira, tseka fokasi ndi kuwala kuti foni isamasinthe yokha, anthu onse aime chilili osasuntha, wozimiririkayo achoke, kenako apitirize kudabwa kwawo. Poedita ungodula pakatipo. Pulogalamu yoeditira mavidiyo ya CapCut ya pa foni yomweyo ikwanitsa. Chimene chimaononga ndi mtambo kudutsa pakati pa kujambula kapena nkhuku kulowa pachithunzi, ndiye chitani mwachangu.

Lichero ndiye pokoma. Usayese kuonetsa agogo thupi lonse ali m'mwamba kwa nthawi yaitali, pamenepo mpamene bodza limagwidwira. Jambula pafupi: akhale pa lichero loikidwa pa thabwa lolimba pangolo, iwe ugone pansi kamera iloze kumwamba kuti kumbuyo kwao kuzioneka thambo lokha, ngolo iziyenda pang'onopang'ono, awiri azikupiza ndi makatoni kuti mpango ndi chitenje ziziuluzika. Kenako chithunzi chakutali, kalichero kakang'ono ndi kachidole kovala chitenje chomwecho, kumangirira ku nsungwi ndi twaini yopyapyala ya mbedza, masekondi awiri basi. Musanachotse kamera jambulaninso malo omwewo opanda kanthu, chithunzi chopanda kanthucho ndi chimene mudzaphimbire nacho twaini poedita. Usiku weniweni foni imatulutsa zithunzi zamchenga, ndiye jambulani dzuwa litangolowa nkudetsa ndi kuonjezera mtundu wa buluu pambuyo pake. Ndipo iwe uli ndi mwayi umene ife a mumzinda wa Tete timausirira, nkhungu ya m'mawa ya June ndi July cha ku Dómuè ndi ku Tsangano. Ena amagula makina otulutsa utsi kuti apeze chimene iwe umachipeza ukangodzuka 5 koloko.

Mnzakoyo akakamira za nsalu yobiriwira, ija amaiika kumbuyo kwa munthu kuti kompyuta idzaichotse nkuikapo malo ena, inde imagwira, amasankha mtundu umenewo chifukwa uli kutali ndi khungu la munthu. Koma imafuna isitidwe isakhale ndi makwinya, kuwala kugwe mofanana paliponse, munthu aime mamita awiri kuchokera pansaluyo kuti ubiriwiri usamubwerere m'masaya, ndipo m'mphepete mwa lichero momwe muli timabowo ndi tizingwe mudzakulizani podula. Ine pa lichero sindingaigwiritse.

Nyumba. Chonde mphwanga musatenthe nyumba yeniyeni ngakhale ya bwinja, ndipo moto wa pa kompyuta woumata pamwamba pa denga umaoneka ngati sitika. Umbani kanyumba kofika m'mawondo ndi dothi lenileni, denga la udzu wopyapyala kwambiri kuti kukula kwake kugwirizane, kamera ikhale pansi penipeni. Chinsinsi nchakuti moto waung'ono umavina mwachangu pamene waukulu umayenda mwaulemu, ndiye jambulani ndi slow motion, mafelemu (zithunzi) 60 kapena 120 pa sekondi ngati foni ikulola, mukachedwetsa kamoto kaja kamaoneka kolemera. Nkhope za anthu olira zijambulidwe padera pafupi ndi moto wa nkhuni kuti kuwala kuzivina pamasaya pao. Pabwalo losesa, kutali ndi nkhokwe, ndowa za madzi zili pambali, osati mu October mphepo ikuomba udzu uli gwaa. Ndipo muyambe mwakauza amfumu. Phokoso musaliiwale, kuthetheka kwa moto ndi kukuwa kwa agalu patali zimagwira theka la ntchito.

Tsopano za gulu lija. Sanakuyankhe chifukwa funso lako linalibe pogwira, "ndithandizeni maefekiti" zili ngati kufika kuchipatala nkungoti ndikudwala. M'magulu amenewa muli anthu otanganidwa koma amakonda kwambiri vuto looneka ndi maso. Bwererako ndi kavidiyo ka masekondi 10, unene foni imene wagwiritsa, pulogalamu imene ukueditira, ndi chimene chakukanika, mwachitsanzo kuti twaini ikuonekabe ikadutsa pa mtambo. Udzaona kusiyana. Usanalembe khala sabata imodzi ukungowerenga, ona amene amayankha zanzeru ndi amene amangonyoza, werenga malamulo a gululo chifukwa ambiri amachotsa munthu wongoponya linki ya YouTube nkuthawa. Nawenso uziyankhako za ena, ngakhale kungonena kuti mawu sakumveka pa mphindi yachiwiri, anthu amakumbukira amene anawaonera ntchito yao. Ukathandizidwa bwerera ukaonetse zotsatira. Wakukuseka uja musiye, koma wina akakuuza kuti moto wako ukuoneka wabodza usapse mtima, mufunse kuti pati.

Ife a ku Tete tili ndi mwayi wa malilime. Chipwitikizi chimakutsegulira maphunziro ambirimbiri aulere a anthu a ku Brazil pa YouTube, Chichewa chimakulumikiza ndi anzathu a ku Dedza, Lilongwe ndi Chipata amene ndi amenenso adzaonere filimu yako, chipata cha m'malire cha Calómuè ndi pafupi pompo. Ndipo anzako enieni ndi amene akulimbana ndi umphawi wa zipangizo ngati wako. Isaac Nabwana ku Wakaliga mu Kampala amapanga mafilimu a nkhondo ndi zida zowotcherera kuchokera ku zitsulo zotayidwa. Anyamata a The Critics ku Kaduna, Nigeria, anatchuka mu 2019 ndi foni yosweka galasi, nsalu yobiriwira ndi pulogalamu yopangira maefekiti ya Blender, mpaka J.J. Abrams, wopanga mafilimu wa ku Hollywood, anawatumizira zipangizo. Ukaone mmene amapangira.

Chenjera ndi wokulowera ku inbox kuti tumiza ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola ndikulowetse ku festivo ya mafilimu, kapena wokupatsa pulogalamu yobedwa, zambiri zimabwera ndi mavairasi. Blender ndi yaulere, pulogalamu yoeditira ya DaVinci Resolve ili ndi mtundu waulere, palibe chobera. Sikiripiti yonse usaiponye pagulu. Potumiza vidiyo pa WhatsApp itumize ngati document apo ayi imaphwanyika, ndipo tiziduswa tifupitifupi timasunga mamega.

Laputopu idzafunika, koma DaVinci imafuna makina amphamvu ndipo yotchipa idzangokutenthera m'manja. Pa filimu iyi ndalama ipite ku tirayipodi, kamaikolofoni kovala pamalaya ndi memory card. Mukamaliza kujambula zonse mpamene mudzaone ngati twaini ija ikufunadi laputopu, mwina yobwereka ya tsiku limodzi idzakwana.

FUNSO LINA

Achimwene, ife ku Moatize tikufuna mfuti iziwomba mufilimu yathu, wina akuti tibwereke yeniyeni kwa mlonda kapena tiike makombola a pa Khirisimasi mu paipi. Zili bho?

Mtsikana wa ku Moatize

YANKHO

Ayi mlongo wanga, ayi ndithu. Apa ndiye pamalo pamene ndimati kompyuta yokha basi. Mu October 2021 ku New Mexico wojambula Halyna Hutchins anafa ataomberedwa ndi mfuti yeniyeni pamalo ojambulira filimu, pamene panali anthu olembedwa ntchito yoyang'anira zida. Semani yamtengo muipake penti yakuda, wosewerayo azigwedeza dzanja ngati yamukankha, kung'anima kwa moto mukuike poedita pa felemu imodzi kapena ziwiri zokha nkuwalitsako nkhope yake pa felemu yomweyo, phokoso ndi limene lidzamalize. Magazi pangani ndi madzi a shuga owiritsa mpaka ate, kala yofiira ya makeke ndi kakhofi pang'ono kuti adere. Ngakhale yamtengoyo musayende nayo pamsewu musanakadziwitse apolisi tsiku, malo ndi nthawi imene mukujambula.