Funsani Mlangizi: Geni yodula ndi kudulira mitengo

Mwezi uno makalata ambiri abwera kuchokera kwa anthu amene akuchita geni yosamalira mitengo, kudulira nthambi, kugwetsa mitengo yoopsa pafupi ndi nyumba ndi zina zotero, nde ndasankhapo asanu.

FUNSO: A Mlangizi, ndine mnyamata ndipo ndakhala ndikuthandizira bwana wina wodula mitengo, pano ndikufuna kuyamba zanga. Kandalama kamene ndasunga kakukwana chainsaw imodzi yaikulu, kaya Stihl kaya Husqvarna. Ndigule iti? Anzanga akuti bola yaikulu kwambiri kuti makasitomala aziona kuti ndine katswiri. Wofuna kuyamba.

YANKHO: Achimwene, makampani onse awiriwo amapanga makina abwino, Stihl ndi ya ku Germany, anaiyambitsa Andreas Stihl mu 1926, Husqvarna ndi ya ku Sweden ndipo nayonso ili ndi mbiri yaitali. Musavutike ndi dzina, funsani kuti ndi iti imene sipeyala wake mungampeze msanga komanso pali makaniko woidziwa, chifukwa makina akaima pakati pa ntchito mtengo uli theka wodula, dzina lija silikuthandizani kanthu.

Koma zoti muthere ndalama yonse pa chimakina chimodzi chachikulu, izo nde ndikukana. Ntchito zambiri zimene mudzapeze ndi zodulira nthambi ndi kuduladula zimene zagwa pansi, ndipo chainsaw ya injini ya 50cc yokhala ndi bar (chitsulo chachitali chimene tcheni imazungulirapo) ya masentimita 38 mpaka 45 imakwanitsa bwinobwino, chachikulucho chimangokutopetsani mikono ndipo munthu wotopa ndi amene amadzicheka. Gulani yapakatikati, yotsalayo mugule zodzitetezera, ndipo ndikunena musanagwire ntchito yoyamba osati mukadzapeza phindu. Thalauza la chainsaw si thalauza wamba, mkati mwake muli ulusi wautali umene tcheni ikangokhudza umasololoka nkukadzaza pa giya yoyendetsa tcheni, tcheni nkuima isanafike pa mnofu. Lolembedwa Class 1 limayesedwa ndi tcheni yothamanga mamita 20 pa sekondi. Onjezani chisoti chokhala ndi chotchinga kumaso, zotseka m'makutu, jombo zolimba ndi magolovesi. Za makutuzi achinyamata mumazinyozera, koma chainsaw imalira kupitirira ma decibel 100 (muyezo wa kukula kwa phokoso) pomwe phokoso longodutsa 85 tsiku lonse limawononga kale makutu, ndipo akawonongeka sabwereranso. Bokosi la chithandizo choyamba likhale ndi mabandeji akuluakulu oletsa magazi, osati timapulasitala tokha. Pomaliza sowo yamanja yodulira nthambi, yakuthwa bwino, mudzadabwa kuti ntchito zingati imamaliza injini musanailize nkomwe.

FUNSO: Chainsaw yanga sinathe ndi chaka chomwe koma ikutentha, ikutulutsa utsi pa bar ndipo ikudula mokhota. Pa tcheni ndimathira oyilo wakuda amene wachotsedwa mu galimoto kuti ndisawononge ndalama. Kodi anandigulitsa yachinyengo? Bambo wodandaula.

YANKHO: Bambo, ndikukayika ngati vuto ndi amene anakugulitsani. Oyilo wakudayo msiyeni lero lomwe. Muli tizitsulo ndi zinyalala zimene zimadya pampu ya oyilo ndi bar, komanso samata pa tcheni, amangowazika nkumakugwerani pakhungu ndi m'munda mwa kasitomala. Oyilo wa tcheni anapangidwa wonanda dala kuti asathawe tcheni ikamazungulira.

Kudula mokhota nthawi zambiri ndi manoledwe. Mano a mbali imodzi afupika kapena abuntha kuposa a mbali inayo, nde tcheni imakokera kumene kuli kwakuthwa. Tengani tupa wozungulira wa saizi yoyenera tcheni yanu, mwachitsanzo tcheni ya .325 imafuna tupa wa mamilimita 4.8, ndipo ma tcheni ambiri amanoledwa pa madigiri 30, dzino lililonse kulipala mofanana ndi linzake. Yang'anani utuchi, ukamatuluka tizipalapala tikulutikulu nde kuti tcheni ili bwino, ukamatuluka ngati fumbi imani munole, musakankhe ndi mphamvu. Ndipo tcheni ikangokhudza dothi ngakhale kamodzi basi yabuntha. Bar muziitembenuza kuti izidyeka mbali zonse, muzichotsa zinyalala mu kangalande kake ndi pa kabowo kotulukira oyilo, fyuluta ya mpweya nayo muziitsuka.

Petulo naye muonetsetse. Makina ambiri amasiku ano amafuna 50:1, kutanthauza mamililita 100 a oyilo wa two-stroke mu malita 5 a petulo, koma onani buku la makina anuwo. Yezani, osangothira ndi maso, ndipo wosakaniza kale asagone m'chigubu kupitirira mwezi.

FUNSO: A Mlangizi, ine ndi amuna anga tili ndi kabizinesi kodula mitengo, tili ndi anyamata awiri. Ntchito sizisowa, foni imangolira, koma mwezi ukatha ndalama sitiiona. Ine ndi amene ndimasunga mabuku nde zikundisowetsa tulo. Tikulakwitsa pati? Mayi wa mabuku.

YANKHO: Mayi, kalata yanu yandikhudza chifukwa apa ndi pamene mageni ambiri a mtundu umenewu amafera, anthu olimbikira, aluso, koma akugwirira ntchito makasitomala ulere osadziwa. Sindinaone mabuku anu koma ndiyambe ndi funso, mukamatchula mtengo wa ntchito mumawerengera chani? Ambiri amayang'ana m'mwamba nkuti uwu tigwetsa pa maola awiri, nkutchula ndalama ya maola awiri. Kugwetsako nde kochepa. Chimene chimadya tsiku ndi kuduladula, kukoka nthambi kuchokera kuseri kwa nyumba kudutsa pa kageti kopapatiza, kukweza mu galimoto, ulendo wokataya ndi kusesa. Mtengo wauwisi ndi wolemera zedi, mitengo yambiri yolimba imafika pafupifupi tani imodzi pa kiyubiki mita, nde chipika chotalika mita imodzi chonenepa masentimita 40 poyeza modutsa pakati pake chimatha kupitirira makilogalamu 100. Werengani zipika zimenezo mu mtengo umodzi waukulu muone kuti anyamata awiri atha nthawi yanji.

Nde chitani chonchi. Musatchule mtengo pa foni kapena poona chithunzi chokha, amuna anu apite akaone, ayende kuchokera pa mtengopo mpaka pamene galimoto iime, aone denga, mpanda, mawaya, mapaipi, komanso ngati thunthu lili ndi mphako kapena bowa m'munsi poti mtengo wowola umafuna nthawi yambiri ndi zingwe. Kenako lembani koteshoni pa pepala kapena pa meseji, yonena mitengo yake iti, nthambi zipita kuti, nkhuni zitsala kwa ndani, chitsa chichotsedwa kapena ayi. Za chitsazi zimayambanitsa anthu kwambiri, kasitomala amaganiza kuti kugwetsa mtengo ndi kuzula komwe, pomwe ndi ntchito ina yofuna makina ena ndi malipiro akeake. Ndipo aja amati poti mwabwera kale tangodulaniko ka nthambi aka, ayankheni mwaulemu kuti tidula koma mtengo wake ndi uwu.

Chachiwiri, dziwani kuti tsiku limodzi la bizinesi yanu limadya zingati ngakhale musanadule kalikonse. Malipiro a anyamata, mafuta a galimoto, petulo, oyilo, ma tcheni, matupa, inshuwalansi, msonkho, kuphatikizapo kandalama kosungira makina atsopano chifukwa amene muli nawowo tsiku lililonse akutha. Malipiro a amuna anu ndi anu omwe alowe mmenemo, si phindu limenelo ayi, ndi ntchito imene mwagwira. Zonsezo gawani ndi masiku amene mumagwiradi ntchito, osati masiku onse a pa kalendala, poti mvula ndi mphepo zimakulandani ena, ena amathera kokonzetsa makina ndi koona ntchito zimene simupatsidwa nkomwe. Nambala imene ituluke ndiye ndalama yotsikitsitsa imene mungalandire pa tsiku, ntchito yolipira pochepera apo isiyeni apite nayo ena. Foni ikamangolira ndipo aliyense akungovomera mtengo wanu osanenerera nkomwe, kawirikawiri nde kuti mwatchipitsa.

Inshuwalansi yolipira katundu wa ena ndi ya antchito anu musaione ngati yotaya ndalama, nthambi imodzi yogwera pa denga kapena pa galimoto ya neba itha kumeza phindu la chaka chonse. Makina ogaya nthambi ndi operera zitsa ndi abwino koma musathamangire ngongole, chitani hayala pa tsiku limene mukuwafuna nkuika ndalamayo mu koteshoni, mukadzaona kuti hayala ikuchuluka mwezi ndi mwezi mpamene muganize zogula anu. Ndipo ndalama ya bizinesi ikhale ndi thumba lakelake, losiyana ndi la pakhomo.

FUNSO: Kasitomala wina akufuna ndidule mutu wonse wa mtengo wake utsale thunthu ndi ziphata, kenako ndipake penti pa mabala. Ndikuona ngati si bwino koma ndikuopa kutaya ntchito. Mlongo wanu pa ntchitoyi.

YANKHO: Achemwali, mtima wanu ukukuuzani zoona. Mtengo wodulidwa mutu umaphukira mphukira zambirimbiri zothamanga, zomera pamwamba pa khungwa chabe osalumikizana bwino ndi thunthu, pomwe mabala akuluakulu aja akuwola kulowa mkati, nde pakapita zaka mtengowo umakhala woopsa kuposa poyamba. Mufotokozereni zimenezi, muuzeni kuti mutha kuufupikitsa podula nthambi iliyonse pa mphanda pamene pali nthambi ina yoti ipitirize kukula, ndipo paulendo umodzi musachotse masamba opitirira gawo limodzi mwa magawo anayi. Nthambi yolemera idulidwe katatu, kaye kuchekako pang'ono kunsi chapatali ndi thunthu, kenako pamwamba kuti igwe osang'amba khungwa, pomaliza kuchotsa kachitsa kotsalako kunja kwa kakhosi kotupa kamene kali pamene nthambi yakumana ndi thunthu. Kakhosi kameneko musakadule, ndi kamene kamatseka bala. Za penti, katswiri wa mitengo wa ku America Alex Shigo anaonetsa kuti mtengo umadzitchingira wokha kuwola mkati mwake ndipo kupaka mabala sikuletsa kuwolako. Akakakamirabe ndi bwino kuikana ntchitoyo, mtengo woonongeka uja anthu odutsa adzafunsa kuti anadula ndani.

FUNSO: Ndilibe zida zokwerera, ndimagwiritsa makwerero ndi chainsaw yanga ya pansi, nthawi zina ndekha. Pali vuto? Mnyamata wolimba mtima.

YANKHO: Vuto lilipo lalikulu achimwene, chonde siyani. Nthambi ikaduka imatha kubwerera nkumenya makwererowo, inu manja onse ali pa makina olira, mugwira pati? Komanso msonga ya bar chakumtunda ikakhudza chinthu makina amadumphira kumaso mwa kanthawi kochepa kwambiri, ndipo pa makwerero mulibe poponda polimba kuti muwagwire. Ntchito ya m'mwamba imafuna maphunziro, harness (malamba ovala m'chiuno ndi m'ntchafu omangirirapo chingwe), chingwe chokwerera, ndi lamba wachiwiri kuti podula mukhale omangirira malo awiri. Chingwe chokwerera chisakhale chomwecho chotsitsira zipika, ndipo muzichiyendera ndi manja tsiku lililonse musanakwere. Pansi pakhale munthu wodziwanso kukwera amene angakutsitseni mutavulala. Ka chainsaw kakang'ono kokhala ndi chogwirira pamwamba pake nkopangira okwera ophunzitsidwa, ndipo nakonso kamafuna manja awiri.

Pakali pano tengani ntchito zimene mungagwire mapazi ali pansi, sowo ya pa ndodo yaitali imafika nthambi zambiri ndithu. Zofuna kukwera gwirizanani ndi wokwera wodziwa, mumulipire tsiku lake, inu muzimuthandizira pansi uku mukuphunzira. Pogwetsa mtengo anthu onse atalikire kawiri kutalika kwa mtengowo ndipo inu mukonzeretu njira yothawira chakumbuyo cham'mbali. Mtengo uliwonse umene nthambi zake zayandikira mawaya a magetsi musaukhudze, itanani a kampani ya magetsi azimitse kaye kapena adule okha.