Mwafunsa, Tayankha: Mawu a Chingerezi Oyamba ndi Un-, In-, Dis- ndi Anzake

Makalata a mwezi uno achokera kwa owerenga a kuno ku Joni, ndipo onse akukhudza timawu timene Chingerezi chimaika kumayambiriro kwa liwu pofuna kukana. Oyankha ndi aphunzitsi amene amaphunzitsa akuluakulu Chingerezi madzulo.

FUNSO: Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ndipo sukulu ndinalekezera fomu 2. Pa mapepala ndi pa foni ndimaona mawu ambiri oyamba ndi un, monga unpaid, unfurnished ndi unavailable. Mnzanga akuti onsewa ndi okana. Kodi ndi zoona, nanga ndingawaphunzire bwanji osaloweza dikishonale yonse?
Mayi wa ku Rosettenville

YANKHO: Mayi, mnzanuyo wanena zoona, koma wakuuzani mbali imodzi yokha. Un- ali ndi ntchito ziwiri. Akaikidwa pa liwu lofotokoza chinthu, amagwira ntchito ngati osa- kapena opanda m'Chichewa. Unpaid leave ndi tchuthi chosalipidwa. Chipinda cha lendi cholembedwa unfurnished n'chopanda katundu, bedi ndi mipando mubweretsa nokha. Unemployed ndi munthu wosakhala pa ntchito, ndipo U wa mu UIF, thumba limene amakudulirani 1 peresenti ya malipiro abwana n'kuwonjezerapo 1 peresenti ina, akuimira unemployment.

Akaikidwa pa mneni, un- sakana ayi. Amabweza zimene zinachitika kale, monga momwe ife timanenera kutseka ndi kutsekula, kumanga ndi kumasula, kuvala ndi kuvula, kumata ndi kumatula. Choncho lock ndi unlock, tie ndi untie, pack ndi unpack, plug ndi unplug. Abwana akati "unplug the iron", ayironiyo ili kale ku magetsi ndipo akufuna muizule. Apa tikuchenjezeni kwambiri: "I unlocked the gate" ndiye kuti munatenga kiyi n'kutsekula geti. Ngati mukufuna kunena kuti simunakiye, nenani "I did not lock the gate". Tsiku limene katundu wasowa pakhomo, ziganizo ziwirizi zimamveka mosiyana kwambiri kwa wapolisi.

Kaphunziridwe kake ndi aka. Gulani kope laling'ono, tsamba lililonse muligawe patatu. Kumanzere lembani liwu lopanda un-, pakati liwu lokhala ndi un-, kumanja chiganizo chonse chimene munalipezamo. Mawuwo muzitenga pa zinthu zimene mumagwira tsiku ndi tsiku: payslip, mauthenga a banki, pepala la lendi, zikwangwani za m'sitolo. Asanu pa tsiku akwanira, chifukwa aliyense akubwera ndi mnzake, ndiye pa sabata muli ndi mawu 70. Bwerezani mawa lake, kenako pakatha masiku atatu, kenako pakatha sabata, mutaphimba gawo lapakati ndi dzanja. Ambiri amalephera chifukwa amakopera mndandanda wautali pa intaneti wopanda ziganizo. Liwu lopanda chiganizo silikhalitsa m'mutu.

Musanalembe liwu, liyeseni pochotsa un-. Chotsalacho chikapanda kukhala liwu, monga zimachitikira ndi uncle, under ndi uniform, dziwani kuti mulibe kukana m'menemo.

FUNSO: Ndikuphunzira za ulonda ndipo mayeso ake ndi a m'Chingerezi. N'chifukwa chiyani amati incorrect koma impossible, illegal ndi irregular? Ndinalemba unlegal, aphunzitsi anandichongera cholakwa.
Bambo wa ku Turffontein

YANKHO: Bambo, anayiwo ndi mmodzi. Ndi in- wochokera ku Chilatini, amene amasintha malinga ndi lembo lotsatira. Patsogolo pa p, b ndi m amakhala im-: impossible, imbalance, immature. Patsogolo pa l amakhala il-: illegal, illiterate. Patsogolo pa r amakhala ir-: irregular, irresponsible. Kwina konse amakhalabe in-: incorrect, incomplete, insufficient. Chifukwa chake chili pakamwa. Potchula p kapena b milomo imatsekeka, ndiye n amasanduka m. Chichewa chimachitanso chimodzimodzi, n'chifukwa chake timalemba mbuzi ndi mphasa koma ndege ndi nkhuku.

Mukadziwa zimenezi, kalembedwe sikavutanso. Illegal ali ndi l awiri, mmodzi wa il- ndi wina wa legal. Unnecessary ali ndi n awiri pa chifukwa chomwecho. Disappear ali ndi s mmodzi chifukwa appear sayamba ndi s, pamene dissatisfied ali ndi awiri.

Koma lamuloli limangokuuzani maonekedwe a in- pamene liwu lasankha kale in-. Silikuuzani ngati liwulo limatenga in- kapena un-. Un- ndi wakale m'Chingerezi chenicheni ndipo sasintha: unpaid, unpopular, unlucky, unmarried, unreliable, onsewa akuyamba ndi malembo omwe aja koma im-, il- ndi ir- sakuonekapo. Chimene chimathandiza pang'ono n'chakuti mawu othera ndi -ed nthawi zambiri amatenga un-: unauthorised, unarmed, unlicensed, unregistered, ndi unleaded amene mumamuona pa pampu ya petulo ya 93 ndi 95. Inexperienced ndi mmodzi mwa ochepa osatsatira zimenezi. Palinso mabanja amene amagawanika, mfotokozi kutenga un- pamene dzina likutenga in-: unable ndi inability, unequal ndi inequality, unjust ndi injustice, unstable ndi instability. Amenewa alembeni awiriawiri m'kope, palibe njira yachidule. Ndipo pa funso lanu, legal amatenga il-, koma lawful amatenga un-. Illegal ndi unlawful onse alipo ndipo mudzakumana nawo pa mayeso.

FUNSO: Ndimagwira ntchito mosungira katundu ku City Deep. Migolo ina yalembedwa flammable, ina inflammable. Anzanga akuti ya inflammable ndi imene siyaka. Ndi choncho?
Mnyamata wa ku Jeppestown

YANKHO: Ayi achimwene, ndipo anzanuwo muwauze lero lomwe. Flammable ndi inflammable tanthauzo lake n'limodzi: chinthu chimene chimagwira moto msanga. Chosayaka amachilemba non-flammable. Musasute fodya, kuwotcherera chitsulo kapena kuyatsa machesi pafupi ndi migolo ya mitundu iwiri yonseyo. Chizindikiro cha lawi la moto pa mgolo chikhulupirireni kuposa mmene liwu likuonekera.

Chisokonezochi chimabwera chifukwa Chilatini chinapatsa Chingerezi in- wachiwiri, wotanthauza kulowa m'kati, amene sakana chilichonse. Ndi amene ali mu inflammable, install, inspect, inform ndi import. Enanso awiri onyenga: invaluable ndi chinthu chofunika kwambiri moti mtengo wake sungawerengeke, ndiye abwana akakulemberani choncho m'kalata ya umboni akukuyamikirani. Infamous si munthu wosadziwika, ndi wotchuka chifukwa cha zoipa.

FUNSO: Mlamu wanga wapatsidwa kalata yoti "dismissed for misconduct". Ndikudziwa kuti dis ndi mis ndi okana, koma sindikumvetsa akukana chiyani.
Mayi wa ku Yeoville

YANKHO: Pepani Mayi, kalatayo ikunena kuti alamu anuwo achotsedwa ntchito chifukwa cholakwa pa khalidwe. Dismiss musamugawe pawiri, sakutsutsana ndi miss, ndi liwu limodzi lotanthauza kuchotsa ntchito. Dis- wokana weniweni ali mu dishonest, disagree, disobey ndi disconnect. Mis- ndiye sakana n'komwe. Amanena kuti chinthu chachitika, koma molakwika: misuse ndi kugwiritsa ntchito molakwika, misunderstand ndi kumva molakwika, misconduct ndi kuchita zosayenera pa ntchito.

Mawu awa ndi ofunika kuwadziwa bwino chifukwa ndi amene lamulo la ntchito la dziko lino, Labour Relations Act la 1995, limagwiritsa ntchito. Lamuloli limalola kuchotsa munthu pa zifukwa za mitundu itatu: misconduct, incapacity, kutanthauza kulephera kugwira ntchitoyo chifukwa cha matenda kapena kusakwanitsa, ndi operational requirements, pamene kampani ikuchepetsa anthu. M'kalatamo yang'anani ngati muli insubordination, kukana kumvera abwana, kapena unauthorised absence, kujomba popanda chilolezo, chifukwa amenewo ndiwo mlandu weniweni. Ngati alamu anu akuona kuti sanalakwe, kapena sanapatsidwe mpata wofotokoza mbali yawo, dzina la dandaulo lawo ndi unfair dismissal. Amakalipereka ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pa ntchito, pa fomu ya LRA 7.11, kwaulere, pasanathe masiku 30 kuchokera tsiku lochotsedwa. Masikuwo akadutsa amayenera kupempha kaye kuti awakhululukire kuchedwako, ndipo pempho lotere limatha kukanidwa.

FUNSO: Mchimwene wanga popita kumudzi anamupatsa pepala ku Beitbridge lolembedwa undesirable. Iye akuti ndi kungomunyoza. Tikiti yake ya basi yobwerera yalembedwa non-refundable. Atani?
Bambo wa ku Diepsloot

YANKHO: Bambo, si chipongwe chabe. Mu dikishonale undesirable ndi wosafunika, koma mu Immigration Act ya 2002 ndi dzina la munthu woletsedwa kulowanso mu South Africa kwa nthawi yoikika. Malinga ndi malamulo amene anayamba kugwira ntchito mu 2014, wopitirira nthawi imene analoledwa kukhala m'dziko muno ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa chaka chimodzi, wobwereza kulakwako pasanathe miyezi 24 amaletsedwa zaka ziwiri, ndipo wopitirira masiku 30 amaletsedwa zaka zisanu. Nthawiyo imalembedwa pa pepala lomwelo, choncho aliwerenge bwino ndipo asalitaye. Ngati panali chifukwa chomveka, monga kugonekedwa m'chipatala, angathe kulembera a Home Affairs kupempha kuti achotse chiletsocho, ataphatikiza pepalalo, masamba a pasipoti ndi kalata ya dokotala. Asakwere basi yobwerera yankho lisanabwere, chifukwa adzamubwezera pa malire.

Za tikitiyo, non- ndi wokana wosavuta kuposa onse, amangoti "si" basi. Non-refundable ndi yosabwezedwa ndalama, ndipo ngati yalembedwanso non-transferable ndiye kuti sangaipereke kwa munthu wina. Komabe mawu awiriwa sanena kanthu za tsiku la ulendo. Afunse ku ofesi ya basiyo ngati amalola kusintha tsikulo, ndi ndalama zingati, komanso mpaka liti, ndipo afunse tsiku lolembedwa pa tikiti lisanafike.