Zoti nyongolotsi zimachiza autism, yankho langa kwa mayi wa ku Area 25

Mayi ena a ku Area 25 anditumizira imelo. Akuti mwana wawo wa zaka 6 ali ndi autism (vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limavutitsa kulankhula ndi kucheza ndi anthu), mawu ndi ochepa, akafika pa depoti ya minibasi phokoso lija amatseka makutu nkuyamba kulira. Ndiye alamu awo aona pa Facebook zoti azungu akumwa mazira a nyongolotsi kuti achire. Funso lawo nlakuti, kodi asiye kumupatsa mankhwala a njoka za m'mimba aja amagawa kusukulu?

Mayi, chonde musasiye.

Nkhaniyi siyongopeka ayi, ilipodi. Mu 1989 David Strachan wa ku Britain anaona kuti ana okulira m'mabanja a anthu ambiri savutika kwenikweni ndi ma allergy (kuyetsemula kapena kuyabwa chifukwa thupi ladana ndi chinthu china), ndiye ena anayamba kuganiza kuti mwina chitetezo cha mthupi chikasowa tizilombo tolimbana nato chimayamba kuvutitsa mwini wake. Joel Weinstock ku Iowa anayesa kupatsa odwala matumbo mazira a nyongolotsi ya nkhumba, Trichuris suis, yomwe simakhalitsa mwa munthu. Poyamba zinaoneka ngati zikuthandiza koma kafukufuku wamkulu wa matenda a m'matumbo otchedwa Crohn's mu 2013 anapeza kuti palibe kusiyana ndi mankhwala ongoyerekezera opanda mphamvu iliyonse. Pa autism pamene, Eric Hollander ku New York anayesa pa anthu 10 okha, akuluakulu osati ana, mazira 2,500 pa masabata awiri alionse, otsukidwa mu labu. Anthu 10 mayi, kalasi imodzi ya Standard 1 ku Kawale ikuposa kambirimbiri, sungamangirepo chilichonse.

Ndiye njoka zathu zakuno si za mu labu. Zija zimalowera kumapazi mwana akamayenda opanda nsapato zimayamwa magazi, mwana amafooka, maso kuyera, kusukulu tulo basi. Likodzo nalo mukulidziwa. Choopsa kwambiri ndi njoka ya nkhumba yayitali ija, mazira ake akalowa mkamwa kudzera m'manja kapena chakudya chakuda amatha kukafika ku ubongo nkuyambitsa khunyu. Mwana amene kale zikumuvuta kunena pomwe pakupweteka, mumuonjezere zimenezo?

Albendazole, mankhwala a njoka za m'mimba a kusukulu aja, amwe ndithu. Ngati amakana mapilitsi funsani a HSA (alangizi a zaumoyo) mmene mungamupatsire. Za kulankhulazo pitani naye ku Kamuzu Central mukafunse za anthu ophunzitsa ana kulankhula, tengani buku lake la chipatala, ndipo alamuwo mupite nawo akamve okha.