Kafumbata amaumitsa thupi, Botox amalefula: zikutheka bwanji?

FUNSO: Adokotala, ndikuphunzira unamwino. Aphunzitsi athu akuti poizoni wa kafumbata ndi wa Botox (mankhwala obaya osalaza makwinya aja) ndi apachibale ndipo amawononga zinthu zofanana m'mitsempha. Nanga bwanji wina amaumitsa thupi pamene mnzakeyo amalefula minofu?

YANKHO: Aphunzitsi anu sananame, mwanawe. Onsewa amachokera ku mabakiteriya a mtundu wa Clostridium, ndipo onse amadula mapuloteni otchedwa SNARE.

Maselo a mitsempha sagundana. Pakati pawo pali kampata ka mananomita pafupifupi 20 (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a milimita), ndiye uthenga umawoloka ndi makemikolo. Makemikolowa amadikira m'timatumba kumapeto kwa selo. Pakathumba pali puloteni ya synaptobrevin, pakhungu la selo pali syntaxin ndi SNAP-25. Atatuwa, omwe ndi mapuloteni a SNARE aja, amapotana ngati chingwe, n'kukokera kathumba pafupi penipeni ndi khungu. Uthenga ukafika, kashiamu amalowa n'kugwirana ndi puloteni ina yotchedwa synaptotagmin, kathumba kaja n'kutseguka, makemikolo n'kukhuthukira kunja. Zonsezi zimatha pasanakwane gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Ine mpaka lero liwiro limeneli limandizunguza mutu. Ofufuza atatu, James Rothman, Randy Schekman ndi Thomas Südhof, analandira mphoto ya Nobel mu 2013 chifukwa chotulukira mmene timatumba totere timayendera ndi kutsegukira.

Tsono kusiyana kuli pamalo pomwe poizoni wakagwirira ntchito. Wa Botox amakhala pomwe mtsempha wakumana ndi mnofu. Amadula SNAP-25, kemikolo yonyamula uthenga ya acetylcholine situluka, mnofu sulandiranso lamulo loti ukungike, basi wangoti lefu. N'chifukwa chake makwinya a pamphumi amasalala kwa miyezi itatu kapena inayi.

Wa kafumbata ndiye woyenda. Amachoka pabala, amakwera m'kati mwa mtsempha mpaka kukafika mumsana, n'kulowa m'maselo omwe ntchito yawo ndi kuletsa minofu kuti isakungike mopyola. Kumeneko amadula synaptobrevin, makemikolo oletsa a GABA ndi glycine osatulukanso. Woletsa akasowa, minofu imangokungika: nsagwada zimauma, khosi gwa, msana n'kupindikira kumbuyo. Ngakhale phokoso kapena kuwala kumautsa kuphiphako, n'chifukwa chake mudzaona wodwalayo atagonekedwa m'chipinda chabata, chamdima pang'ono.

Poti mukhala mukusamalira odwala otere, gwiritsani ichi: poizoni wokwanira kudwalitsa munthu ndi wochepetsetsa moti thupi siliphunzira kumuzindikira. Wochira kafumbata amayenerabe kubayidwa katemera.