Msonkho wanga ukavinitse anthu chipatala chilibe mankhwala?

Bambo wina wogulitsa usipa ku Makawa wanditumizira imelo. Akufunsa chifukwa chomwe boma lingaikire ndalama za msonkho pa oimba ndi ovina pomwe m'zipatala mankhwala akusowa. Iye akuti waluso weniweni amadzidyetsa yekha.

Bambo, pa woimba wodzaza holo ndikugwirizana nanu. Ameneyo safuna thandizo. Chomwe afuna n'choti COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso lomwe lidayamba ntchito mu 1992, lizitolera ndalama kwa mawailesi ndi mahotela oseweretsa nyimbo zake n'kumupatsa gawo lake. Amenewo ndi malipiro ake, thukuta lake.

Koma tsiku lina mukabwera pa boma ku Mangochi kuno, lowani mu Lake Malawi Museum, pafupi ndi nsanja ya wotchi ija. Wabizinesi uti angasunge zinthu zimenezo, kandalama ka pakhomo kosakwana n'kufolera denga komwe? Nanga gule wa beni? Agogo odziwa nyimbo zake ndi kaimbidwe ka ng'oma akutha mmodzimmodzi, ndipo palibe wogula tikiti yoti wina akawajambule mawu asanatisiye. Zotere msika suziona, chifukwa phindu lake adzadya ndi adzukulu omwe lero alibe kobiri m'thumba. Msonkho umalipira kale zinthu za mtundu umenewu: sukulu, misewu, nyumba yosungira zolemba zakale ku Zomba. Ndipo amene adadya ndalama za boma pa Cashgate mu 2013 sanali ovina beni.

Mantha anga ali pena. Mwini thumba amafuna kutamandidwa. Nthawi ya Kamuzu amayi ankavina pa misonkhano atavala nsalu ya nkhope yake, kwinaku lamulo la 1968 likupatsa boma mphamvu yoletsa mabuku ndi zisudzo. Jack Mapanje, mlakatuli wa kwa Kadango m'boma lathu lomweli, adamutsekera ku Mikuyu kuchokera 1987 mpaka 1991 popanda kumuzenga mlandu. Boma lomwelo lokonda magule.

Choncho ndalama zipite, koma zisadzere m'manja mwa nduna kapena phungu. Zizigawidwa ndi komiti ya anthu odziwa luso, yokhala ndi nthawi yake yotulira pansi udindo, ndipo mayina a olandira ndi kuchuluka kwa ndalama zizitchulidwa pa wailesi. Mlakatuli wodzudzula boma akalandira nawo, ndidzati msonkho wanu wa usipa wagwira ntchito. Akamalandira okhaokha oimba pa misonkhano ya chipani, bambo, kalata yodandaula tidzalembera limodzi.