Msewu wopanda magalimoto ku Zomba? Dzukani kusanache

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina amene wasamukira kuno ku Zomba chifukwa cha ntchito. Wagula njinga ya matayala opyapyala, ndipo akufuna ndimuuze misewu ya zitunda yomwe angamapalaseko popanda kuthamangitsidwa ndi magalimoto. Achemwali, mwachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula. Ine ndinalidya ndithu, phula lenileni la pamsewu wa M3, ndipo chipsera chake chikadalipo pachigongono changa chakumanzere.

Ndinakulira pa njinga ya bambo anga, yakuda ija yolemera ngati ngolo, ya mabuleki achitsulo ndi kaliyala yoti n'kukhalapo thumba la chimanga kupita kuchigayo. Inalibe giya. Chitunda chikakula unkangotsika n'kumakankha, ndipo panalibe wokuseka chifukwa aliyense ankatero. Nditayamba ntchito ndinagula ku Limbe njinga yogwiritsidwapo kale ntchito, yopepuka moti ndinkaikweza ndi dzanja limodzi. Ndinadziona ngati munthu. Tsiku lina ndinaganiza zopalasa kuchoka m'tauni kukafika ku Namadzi n'kubwerera, ndipo ndinanyamuka dzuwa litakwera kale, osadziwa kuti linali tsiku la msika pa Thondwe.

Amene munadutsapo pa Thondwe tsiku la msika mukudziwa. Msika umasefukira mumsewu, wa tomato apa, wa kaunjika apo, mbuzi zomangidwa pakaliyala zikulira. Minibasi yomwe inali patsogolo panga inangoima mwadzidzidzi, kondakitala ataona munthu wakweza dzanja. Kumbuyo kunali lole. Ndinakhotera kumanzere, koma m'mphepete mwa phula munali modyeka ngati chitumbuwa cholumidwa ndi mwana. Tayala lakutsogolo linagwera pamenepo, ine n'kuuluka. Amayi ogulitsa anafuula kuti "Mayo, afa bambowa!" Sindinafe, koma manyazi okhawo anandikwana. Kondakitala anangosuzumira pazenera, n'kumenya chitseko kuti galimoto izipita.

Wokonza njinga wina amene amakhala pansi pa mtengo wa mango chapafupi pomwepo ndiye anandiwongolera limu. Akumanga masipoko, anatsina tayala langa ndi zala ziwiri n'kunena kuti, "Bwana, kanjingaka n'kabwino, koma anakapangira msewu wina, osati uno." Ndinakwiya mumtima. Ndinkaona ngati ndi nsanje ya munthu wozolowera zikapalasa za kumudzi. Panapita miyezi ndisanavomere kuti mkuluyo ananena zoona.

Ndiye ndinene mosabisa, achemwali: chimene mukufunacho, msewu wa phula wosalala, wa zitunda, wopanda galimoto tsiku lonse, kuno n'chosowa. Phula tili nalo lochepa, ndipo pomwe lili ndi pomwe aliyense amathamangira: minibasi, malole, mabasi a ku Mangochi, a kabaza a njinga zamoto omwe masiku ano achuluka ngati ngumbi mvula yoyamba itagwa. M3 ndi msana wa boma lino. Ambiri amene akuchoka ku Blantyre kupita ku Liwonde amadutsa momwemu, ndipo inunso pafupifupi ulendo uliwonse mudzayamba ndi kachigawo kake. Misewu yachete ilipo yambirimbiri, koma ndi ya dothi. Walira mvula walira matope.

Anthu amati Zomba ndi tauni yogona. Likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe mu 1975, aphungu a Nyumba ya Malamulo anapitiriza kukumana kuno mpaka 1994, kenako nawonso anapita, n'kutisiyira nyumba zakale za atsamunda, asilikali a ku Cobbe Barracks ndi ophunzira a ku Chanco. Kugonako n'koona kumtunda, m'timisewu ta m'munsi mwa phiri chakumene kuli Botanical Gardens, komwe mitengo ikuluikulu imaphimba msewu ndipo umatha kumva madzi a Mulunguzi akuyenda. Koma pitani pa depoti kapena pa Chinamwali madzulo anthu akuweruka, mudzaone ngati kuli tulo.

Chinanso chimene chimandinyansa ndi maganizo oti msewu wopanda magalimoto ndi msewu wopanda anthu. Ena amabwera ndi zovala zothina ndi magalasi akuda, n'kumadutsa m'midzi ataweramitsa mutu ngati akuthawa ngongole, osapereka ndi moni womwe. Kumudzi msewu ndi bwalo. Ana amaseweramo, amayi amayanika makaka ndi mpunga m'mbali mwake, nkhuku imadumpha nthawi yomwe yafuna. Mukapeza maliro, masamba ataikidwa pamsewu, tsikani muziyenda pansi mpaka mutadutsa. Amene sangathe kuchita zimenezi angogula njinga yopalasira m'nyumba. Ndiponso tisamadzitame kwambiri ife a magiya ambirimbiri. Akatswiri a zitunda za Zomba ndi anyamata a makala ndi nkhuni, omwe amatsika ndi katundu wosanjikiza kuposa mutu wawo, buleki yake ili phazi lovala patapata lopanikiza tayala. Kutha kwa mitengo m'phirimu kumandiwawa, koma mphamvu za m'miyendo yawo sindingazitsutse.

Mafunso mudzawazolowera. "Mukupita kuti, amayi?" Mukati mukungopalasa, adzakuyang'anani ngati mwasokonekera mutu. Munthu n'kukwera chitunda chonsecho wopanda katundu, wopanda wodwala wokamuona? Ine ndinasiya kufotokoza. Ndimangoti ndikukaona abale, iwo n'kuti mukawapatse moni.

Tsopano chimene ndinaphunzira pambuyo pa Thondwe ndi ichi: bata la pamsewu kuno limatengera nthawi kuposa malo. M3 yemweyo amene anandigwetsa, Lamulungu cha m'ma 5 koloko m'mawa amakhala ngati wanga ndekha. Umangokumana ndi amayi a mvano akupita kutchalitchi ndi munthu mmodzimmodzi wonyamula ndiwo zamasamba. Ikamakwana 8 koloko, nkhondo yayambanso. Ndiye funso lenileni si lakuti mupite kuti, koma ngati mungathe kusiya bulangete mwezi wa June kukuzizira.

Kukwera phiri

Ngati mukufuna chitunda chenicheni pa phula, n'chimodzi chomwe ndingakulozereni ndi mtima wonse: msewu wokwera ku Ku Chawe, pamwamba pa phiri la Zomba. Tauniyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 900 kuchokera pomwe nyanja yamchere imalekezera, pomwe nsonga ya Malumbe imapitirira mamita 2,000. Simudzafika pansongapo ndi phula, koma kufika kokha pa damu la Mulunguzi kapena pa hotela ya Ku Chawe miyendo idzakhala itadziwa. Msewu ndi wopapatiza, wokhotakhota, mbali ina thanthwe mbali ina phompho. Minibasi sizikwerako, ndipo pakati pa sabata m'mawa galimoto ndi zowerengeka. Loweruka ndi Lamulungu masana ndiye ayi: anthu a ku Blantyre amabwera kudzaotcha nyama, ndipo ena potsika amakhala atalawa.

Kukwera sikuopsa, kumangopweteka. Choopsa ndi mtsetse. Osagwira buleki mosalekeza kuchokera pamwamba mpaka pansi, malimu amatentha ndipo zala zimachita dzanzi. Gwirani mwamphamvu musanafike pokhota, kenako musiye. Pokhota paliponse ganizani kuti kuseriko kuli galimoto kapena munthu wosenza mtolo wa nkhuni wautali kuposa iye mwini. Anyani nawo amakhala pakati pa msewu ngati analipira msonkho. Nyengo ya chiperoni nkhungu imatseka moti suona ngakhale mamita ochepa kutsogolo, phula n'kumaterera. Tengani juzi ngakhale pansi kukutentha, chifukwa thukuta la pokwera limasanduka chisanu potsika. Ndipo tengani kandalama. Anyamata a masitiroberi ndi mabulosi adzakuzungulirani pamwambapo, ndipo munthu amene wakwera ndi miyendo yake sakana.

Pamwamba penipeni, njira zopita ku Emperor's View, pomwe anaimapo Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, atabwera mu 1965, kapena ku dzenje la Chingwe, ndi za dothi ndi miyala. Kanjinga kanu kopyapyala mukasiye, kumeneko n'kwa njinga ya matayala a zigoba.

Kwina konse ndingonena mwachidule. Msewu wa ku Jali, wopitirira mpaka ku Phalombe, ndi wa phula ndipo magalimoto akuluakulu ndi ochepa poyerekeza ndi M3, koma ndi wa chigwa, zitunda zake n'zongonyengerera. Ubwino wake ndi phiri la Mulanje lomwe limakula pamaso panu kukakhala kopanda mitambo. Chakumpoto, pirirani M3 m'mamawa kudutsa Songani, kenako mukhotere kumanzere cha ku Domasi kapena ku Malosa, komwe timisewu timalowera m'munsi mwa phiri; phula limatha msanga, koma kumeneko ndi kumene ndimapita ndikafuna kumva mbalame m'malo mwa hutala. Kuseri kwa phiri, njira ya ku Changalume ndi Chingale imatsetsereka kulowera ku chigwa cha Shire, ndipo zonse zomwe mwatsika mudzazibweza pobwerera dzuwa lili pamutu, ndiye musayambire kumeneko, makamaka mu October. Ku Kachulu, pa nyanja ya Chilwa, ndi fumbi m'chilimwe, matope m'dzinja. Mvula ikagwa yambiri funsani a kabaza za milatho musananyamuke. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu March 2023 ndinasiya kukhulupirira kuti njira yomwe ndinadutsa chaka chatha ikadali momwemo.

Za njingayo, pitani nayo kwa wokonza aone ngati mafoloko angalole matayala okulirapo, a mamilimita 32 kapena kuposa. Ngati angalole, sinthani mawa lomwe. Muzinyamula machubu awiri, zigamba ndi pampu yanu, chifukwa okonza a m'midzi ali ndi luso koma chubu cha saizi yanu sadzakhala nacho, ndipo pampu yawo nthawi zambiri silowa pa valavu yopyapyalayo. Chipewa cholimba chija muzivala ngakhale ana akuseke. Poti ndinu mayi ndipo mukhala mukunyamuka kusanayere bwino, maulendo oyamba pezani mnzanu, ndipo wina kunyumba adziwe komwe mwalowera. Njira ya ku Ku Chawe muyambe ndi theka: mukafike pomwe mwatopera, mupume, mutembenuke. Ine ulendo woyamba ndinakankha njinga kuchokera pakati mpaka pa damu, mnyamata wina wosenza thumba la mbatata akundipitirira n'kundifunsa ngati yawonongeka.